Kuimika, Kusanja, Kuviika Kapena Uvuni: Chomwe Chimateteza Matabwa a Paini Kuti Asade

Amene amacheka paini ku Chikangawa, ku Dedza kapena pa phiri la Zomba amadziwa zomwe zimachitika pakati pa Novembala ndi Epulo. Thabwa lituluka pa macheka lili mbee, pakatha sabata imodzi layamba mizere yobiriwira modera. Kalipentala akalipala, mizereyo imangotulukabe, chifukwa yalowa mkati. Chimene chimadetsa ndi mtundu wa chuku womwe umadya shuga wa m'mbali yoyera ya mtengo, yoyandikana ndi khungwa. Umakula msanga kutentha kukakhala pakati pa madigiri 20 ndi 30, ndipo umaleka chinyezi cha m'thabwa chikatsika kufika pa 20 peresenti. Mphamvu ya thabwa siichepa kwenikweni, koma mtengo wake pamsika umagwa, makamaka kwa opanga mipando ndi zitseko zopaka vanishi.

Njira yomwe ambiri amathamangira ndi kuimika matabwa chopingasana pa mtanda. Kunja kwa thabwa kumauma mofulumira, ndipo pamenepo njirayi imapambana zinzake zosafuna ndalama. Vuto lake ndi kupindika ndi kung'aluka kumapeto, komanso pamene matabwa awiri akhudzana pamatsala chinyezi, pamada. Nsonga yogunda pansi imayamwa madzi. Ndi yabwino kwa masiku atatu mpaka asanu okha, kenako matabwawo asanjidwe.

Kusanja ndiye maziko, koma ambiri amakulakwitsa. Mulu ukhale pa njerwa kapena mizati, masentimita 45 kuchoka pansi, ndipo udzu wa pansi pake ulambulidwe. M'lifupi usapitirire mita imodzi ndi theka, apo ayi mphepo sifika pakati. Pakati pa mzere uliwonse ikani timitengo ta mamilimita 25, motalikirana masentimita 50, kalikonse kalunjike pamwamba pa kanzake kuti thabwa lisawerame. Timitengoto tikhale touma. Apa mpomwe ntchito yambiri imaonongekera: munthu adula timitengo ku zotsala za chipika chomwecho, tili tatiwisi, ndiye thabwa lililonse limatuluka ndi zipsera zakuda zopingasa. Utuchi womata pa thabwa usesedwe musanasanje, chifukwa umasunga madzi. Pamwamba pakhale malata otsamira pang'ono. Pulasitiki wokuta mulu wonse amatsekera chinyezi ndi kutentha mkati, ndipo chuku chimakula kuposa pa mulu wosavundikira n'komwe.

M'chilimwe kusanja kokha kumakwanira. M'dzinja mpweya umakhala wonyowa kale, thabwa limachedwa kuuma, ndiye mankhwala amafunika. Kuviika kumagwira ntchito ngati kwachitika pasanathe maola 24 chichekereni. Mukachedwa masiku atatu chuku chimakhala chalowa kale pomwe mankhwala safika. Mgolo wodula pakati m'litali, n'kulumikiza awiri, umakhala chomwera chabwino. Thabwa limire lonse kwa theka la mphindi, lidonthere m'chomweramo, lisanjidwe pansi pa denga. Kupopera kumadya mankhwala ambiri ndipo kumasiya malo ena osafikidwa. Boraks, ufa woyera wosungunula m'madzi, ndi wotsika mtengo, amathandizanso pa tizilombo tochititsa matabwa kufumbwa, koma mvula imamutsuka ndipo payekha ndi wofooka pa chuku cha pamwamba. Mankhwala okhala ndi zophera chuku zotchedwa IPBC kapena DDAC ndi amphamvu kuposa iye. Sungunulani monga zalembedwera pa chigubu, valani magolovesi, ndipo zotsala musatayire ku mtsinje. Pentachlorophenol, yemwe kale ankatetezera matabwa, anaikidwa m'gulu la mankhwala oletsedwa pa mgwirizano wa mayiko wa Stockholm mu 2015, musamugule ngakhale atchipe. Kumbukiraninso kuti mankhwala onsewa amateteza kwa miyezi iwiri kapena itatu basi. Thabwa loviikidwa n'kuunjikidwa popanda timitengo limadabe.

Uvuni woumitsira matabwa umaposa zonsezi. Kutentha kopitirira madigiri 60 kumapha chuku, ndipo thabwa la paini la inchi imodzi limauma m'masiku ochepa. Koma umafuna magetsi odalirika ndi ndalama zambiri, motero ndi wa makampani. Uvuni wa dzuwa ndi wotsika mtengo, kungoti nyengo ya mitambo umafooka pa nthawi yomwe ukufunika kwambiri.

Kwa wocheka ndi makina ang'ono m'nkhalango, ife timati aviike tsiku lomwelo n'kusanja bwino. Ndipo asagwetse mitengo yoposa yomwe angacheke m'sabata imodzi, chifukwa chipika chogona pansi ndi khungwa lake m'mvula chimayamba kuda kuchokera kumapeto, macheka asanachikhudze.