Kugula zovala pa Via dell'Indipendenza ku Bologna, m'dziko la Italy

Msewu waukuluwu umayambira kufupi ndi siteshoni ya sitima kukafika pa Piazza Maggiore, bwalo lalikulu la pakati pa mzindawu, mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi. Chimene ndimauyamikira kwambiri ndi makonde a mbali zonse ziwiri: kaya mvula igwe, kaya dzuwa liswe mtengo, mumayenda pamthunzi kuchoka sitolo ina kupita ina.

Masitolo ambiri ndi a zovala ndi nsapato za mitengo yofikirika, monga Zara ndi H&M. Ofuna zodula apite ku Galleria Cavour. Loweruka ndi Lamlungu magalimoto saloledwa, koma anthu amachita kuthithikana, ndiye chikwama chikhale kutsogolo. Nthawi yabwino ndi m'mawa mkati mwa sabata. Lachisanu ndi Loweruka patukirani ku msika wa Piazzola pa Piazza VIII Agosto, kumene zovala zimatchipirako.

Mitengo imatsitsidwa kuyambira kumayambiriro kwa Januwale ndi Julaye, koma masaizi apakati amayamba kutha. Ngati mumakhala kunja kwa mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya (EU) ndipo mwagula zopitirira 70 euro m'sitolo imodzi, onetsani pasipoti polipira pomwepo kuti akukonzereni chikalata chobwezera msonkho. Popanda chikalatacho simubwezeredwa kanthu pabwalo la ndege.