Miyezi 14 m'gulu la amalonda akwathu ku Harare: zimene ndaona

Mu Seputembala 2024 ndinalemba za gulu la amalonda ochokera ku Malawi limene ndinali nditangolowa kuno ku Harare. Nthawi imeneyo ndinali nditapitako kawiri kokha, ndipo ndinaliyamikira kwambiri. Ndinati madola 10 a ku America amene timapereka pamwezi ndi ochepa ukaona kuchuluka kwa anthu amene umadziwana nawo. Angapo mwa inu mwakhala mukundifunsa ngati ndikadali momwemo. Ndikadali momwemo, ndipo ndaperekako kale madola 140. Koma chimene chandisunga si kuchuluka kwa anthu kuja.

Kwa amene simundidziwa, ndine telala. Ndimasokera ku Highfield, kufupi ndi ku Machipisa, ndili ndi makina awiri, ovaloko (makina omalizira m'mphepete mwa nsalu) imodzi ndi mtsikana mmodzi wondithandiza. Kwathu ndi ku Ntcheu. M'gulumo tilipo pafupifupi 40 pa WhatsApp, koma obwera ku msonkhano wa Loweruka loyamba la mwezi, m'holo ya tchalitchi ina ku Mufakose, sapitirira 15. Muli akalipentala a ku Glen View, owotcherera zitsulo ku Magaba, amayi ogulitsa mpunga ndi usipa, bambo wina wa lole, ndi mnyamata wogwira ntchito yoombola katundu pa chipata cha m'malire. Ena tinabwera tili akuluakulu, ena anabadwira konkuno, agogo awo anabwera nthawi ya chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Choncho msonkhano umayamba m'Chichewa n'kuthera m'Chishona, ndipo palibe amadandaula.

Za WhatsApp ndinene mwachidule. Miyezi iwiri yoyambirira ndinkatumiza zithunzi za madiresi anga tsiku ndi tsiku. Sindinagulitse ngakhale imodzi. Aliyense mmenemo ndi wogulitsa, wogula palibe. Mauthenga amafika mazana pa tsiku, mapemphero a m'mawa, zithunzi za mipando, maliro, mitengo ya mafuta, ndipo uthenga wofunikadi umamira pakati pake. Panopa ndinatseka kulira kwake, ndimangoyang'anamo madzulo.

Phindu loyamba lenileni linali la uphungu. Kumapeto kwa Seputembala 2024 ndalama ya Zimbabwe yotchedwa ZiG, imene inali itangoyamba mu Epulo chaka chomwecho, inatsitsidwa mphamvu tsiku limodzi, kuchoka pa 14 kufika cha m'ma 24 pa dola imodzi. Milungu itatu izi zisanachitike, bambo wina wachikulire wogulitsa matabwa anatiuza pa msonkhano kuti, "Ana anga, mtengo wa ntchito imene idzatenge mwezi muzilemba m'madola, ndipo dipoziti mukalandira, tsiku lomwelo igulire katundu." Ndinamvera. Ndinali ndi oda ya zovala za kwaya, dipoziti ndinaigulira nsalu ndi ulusi mawa lake. Mnzanga wina wa kunja kwa gulu amene anasunga ndalama mu foni anasoka oda yake molowa m'thumba.

Koma chimene chinandionetsa ntchito ya gululi ndi oda ya mayunifolomu. Mu Novembala mayi wina wa m'gulu, amene ali ndi kampani yolembetsedwa, anapeza mwayi pa sukulu ina: malaya 300 ndi masiketi 180, zofunika sukulu zisanatsegulidwe mu Januwale. Yekha sakanatha. Ine ndekha a sukuluyo sakanandipatsa n'komwe, chifukwa ndinalibe tax clearance, pepala loonetsa kuti za msonkho zili bwino, lochokera ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho ku Zimbabwe, ndipo kuno ukakhala wopanda pepalalo wokulipirayo amayenera kudula 30 peresenti n'kuipereka ku msonkho. Pa ntchito ya telala, 30 peresenti ndiye phindu lonse. Tinagwirizana matelala asanu kuti oda ipite m'dzina la kampani ya mayiwo, nsalu tigule pamodzi pa mtengo wopikula, ntchito tigawane.

Tinalakwitsa chinthu chimodzi chimene sindidzaiwala. Aliyense anapita ndi nsalu yake kukadulira kwake, ndi patani yake. Titasonkhanitsa malaya 60 oyamba pa tebulo langa, tinaona kuti saizi imodzimodziyo ikusiyana. Kolala ya wina yotambalala, ya wina yosongoka, thumba la wina lakwera, manja a wina atalika ndi chala. Ana atavala pamzere aliyense akanaona kuti zasokedwa ndi manja osiyana. Tinakhala pansi usiku umenewo, magetsi atazima, titayatsa nyali ya sola, aliyense lezala m'manja, tikusula makolala. Panalibe wolankhula. Kenako mayi wamkulu pa tonsefe, wa ku Nkhotakota, anatenga katoni ya sopo, naiyala pansi, najambula patani imodzi ndi choko, nati, "Achemwali, kuyambira lero wodula ndi mmodzi." Zinatero. Iye ankadula zonse, atatu tinkalumikiza, wachisanu, amene ali ndi jenereta ndi makina oboola mabatani, ankamaliza ndi kusita. Tinapereka katundu kutatsala masiku anayi. Gawo langa, nditachotsa zonse, linali madola 410, ndalama imene m'Disembala wamba sindiipeza.

Makatoni aja ndikadawasunga, ndinawaboola n'kuwapachika pa msomali kuseri kwa chitseko.

Tsopano zowawa. Mu Okutobala 2024 tinasonkha anthu asanu ndi mmodzi, aliyense madola 150, n'kupatsa bambo wina wa m'gulu amene amayenda pakati pa Harare ndi Blantyre kuti akatiodere zitenje ku Limbe. Njira yake ndi yodziwika: Nyamapanda, kudutsa Tete, kukalowa pa Mwanza, makilomita pafupifupi 600. Sitinalembe kalikonse. Wina atafunsa za lisiti, anthu anaseka, amvekere, "Ndi wakwathu uyu, tikumana naye ku tchalitchi." Ine ndinaseka nawo.

Nthawi yomweyo ku Mozambique kunabuka zipolowe zotsatira chisankho cha pa 9 Okutobala, ndipo misewu inkatsekedwa kawirikawiri mpaka kumayambiriro kwa 2025. Bamboyo atanena kuti izi n'zimene zikuchedwetsa zitenje, chifukwa chake chinali choona, ndipo tinamumvetsa. Koma mabasi atayambanso kuyenda bwino, zitenje sizinabwere. Mu Febuluwale anavomera pamaso pa a tcheya kuti ndalama ija anailowetsa mu katundu wake amene anamuonongekera m'njira. Sindikuti ndi mbava. Ndi munthu amene anapanikizika n'kugwira chimene chinali pafupi, podziwa kuti palibe pepala lomumanga. Wakhala akubweza pang'onopang'ono, ine ndalandira madola 110, atsala 40. Koma nyengo ya Khirisimasi, pamene zitenje zimayenda, inandidutsa manja ali m'khosi, ndipo chimenecho sangandibwezere.

Chinandipweteka kwambiri ndi mmene gulu linachedwera kulowererapo. Miyezi itatu yathunthu akuluakulu ankangoti tisachititsane manyazi, chibale ndi fupa sichiola. Ndikumvetsa kumene mtima umenewu ukuchokera. Akwathu kuno akhala akusungana kuyambira kale kudzera m'magulu a maliro ndi m'mipingo, ndipo m'magulu otero munthu sumufunsa lisiti, umangopereka. Ndi mtima wabwino, unaika m'manda makolo athu ambiri mwaulemu kutali ndi kwawo. Koma mpamba wa bizinesi si chipepeso. Ukautenga ngati chipepeso, amene amavutika ndi wamng'ono, amene madola 150 ndi lendi ya shopu yake.

Ndiyamikire kuti gulu linaphunzira. Kuyambira Malichi pali buku lachikuto cholimba limene mlembi amasunga. Mgwirizano uliwonse wa ndalama pakati pa mamembala umalembedwa mmenemo: ndani wapereka zingati, katundu wanji, tsiku lofika, ndipo chidzachitike n'chiyani akalephera. Amasainira onse ndi mboni ziwiri. Anthu atatu anatuluka m'gulu chifukwa cha bukuli, ati tasiya kukhulupirirana. Ine ndikuona kuti m'pamene tayamba, chifukwa chiyambireni bukuli ndalowa m'migwirizano itatu popanda kugona ndi nkhawa.

Mnyamata woombola katundu uja anatithandizanso pa nkhani imene ambiri tinkaimva molakwika. Pali dongosolo la COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, lofewetsa malonda a anthu ang'onoang'ono, ndipo Malawi ndi Zimbabwe ali momwemo. Ife tinkaganiza kuti chilichonse chogulidwa ku Malawi chimalowa. Iye anatifotokozera kuti katunduyo ayenera kukhala wolimidwa kapena wopangidwa m'dzikomo, komanso akhale pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana. Chitenje chosindikizidwa kutsidya kwa nyanja sichisanduka cha ku Malawi chifukwa choti wachigula ku Limbe. Anatikumbutsanso kuti Mozambique sali mu COMESA, ndiye za podutsa ku Tete zimakhala ndi mapepala akeake. Maminiti 20 amenewo anandipulumutsa ku mkangano wa pa chipata umene ndikanaluza.

Pamene msika waukulu wa kuno ku Harare wa Mbare Musika unapsa mu Okutobala 2024, mamembala athu awiri ogulitsa zouma anataya zonse. Apa gulu linachita zimene limadziwa bwino: sabata yomweyo tinasonkha, bambo wa lole anawanyamulira katundu woyambira ulere, ndipo mmodzi anagulitsira pakhonde la shopu yanga kwa milungu isanu. Makasitomala ake ena anasanduka anga.

Zina zikadali zosalongosoka. Misonkhano imayamba mochedwa ndi ola lathunthu, ndipo kwa telala Loweruka ndi tsiku la ndalama. Achinyamata obadwira kuno amabwera kamodzi osabweranso, chifukwa akuluakulu amalankhula nthawi yonse, chonsecho ndi achinyamatawo amene amadziwa kulemba invoisi pa kompyuta ndi kufunafuna makasitomala pa Facebook. Ndalama ya pamwezi sitinauzidwe mwatsatanetsatane mmene imayendera mpaka titaumirira mu Juni. Ndipo ndikawerenga bwinobwino, pa anthu 40 aja amene ndagwira nawo ntchito yobweretsa ndalama ndi asanu ndi awiri okha.

Mlongo wina wa ku Epworth, wophika ndi kugulitsa makeke, anandifunsa ngati alowe. Ndinamuuza kuti alowe ngati angathe kubwera ku msonkhano mwezi ndi mwezi, chifukwa wongokhala pa WhatsApp akutaya madola ake 10. Ndinamuuzanso kuti miyezi itatu yoyamba asapereke ndalama kwa aliyense, azingoona amene amafika pa nthawi, amene akalonjeza nambala ya foni amaitumizadi, ndi amene ntchito yake ena amaitchula iye kulibe. Wabwera kawiri tsopano.

Sukulu ija yatiitananso, ulendo uno yawonjezera majuzi, omwe ife sitiluka, ndiye tikukambirana ndi mayi wina wa ku Dzivarasekwa amene ali ndi makina olukira. Ine ndinalembetsa bizinesi yanga mu Julayi, mapepala a msonkho ali m'njira. Tikumana Loweruka likudzali kuti tilembe za magawo m'buku lija nsalu isanagulidwe, ndipo ndauzidwa kuti ndisaiwale makatoni.