Mukabinya bondo: ekisire, sikani kapena MRI?

Bondo likatupa, osewera mpira, akabaza ndi odula nzimbe ku Nchalo amafunsa chinthu chimodzi: ndikajambulitse chiyani?

Ekisire imaona mafupa basi. Ngati mwagwa panjinga ndipo mukulephera kuponda, yambani nayo kuti mudziwe ngati fupa lathyoka. Mitsempha yolumikiza mafupa siioneka pamenepo.

Sikani ya ultrasound, yomwe tinaizolowera kwa amayi oyembekezera, ndimaiyikira kumbuyo pa mitsempha ya m'mbali: MCL ya mbali yoyang'anizana ndi mwendo winawo, ndi LCL ya kunja. Iwiriyi ili pafupi ndi khungu. Woyeza amapaka jelo, n'kupinda bondo madigiri 30, kenako amakankhira mwendo kumbali pang'onopang'ono akuyang'ana ngati mpata wa pakati pa mafupa ukutseguka. Akatero ayezenso bondo labwinolo kuti ayerekeze. Sikani imaonetsanso madzi kapena magazi odzaza pamwamba pa kafupa kozungulira ka kutsogolo kwa bondo.

Chomwe chimandipweteka ndi ichi. Kachipangizo koyendetsa pakhungu kali pamitundu ikuluikulu iwiri. Kopindika, ka 2 mpaka 5 MHz (muyeso wa mafunde a sikani), n'koyezera m'mimba. Bondo limafuna kowongoka, ka 7 mpaka 15 MHz. Malo amene ali ndi kopindika kokha akakuyezani, mtsempha umaoneka mwachimbuuzi, ndalama zapita, inu mwatuluka ndi pepala loti palibe vuto. Funsani musanalipire. Ngakhale kachipangizo kakhale koyenera, dzanja likapendekeka pang'ono mtsempha wabwinobwino umada pa sikirini ngati waduka, choncho luso la woyezayo n'lofunika kuposa makina.

Komanso pali malire amene ngakhale katswiri sangawadumphe. ACL, mtsempha woletsa fupa la m'munsi mwa bondo kutsetserekera kutsogolo, ili mkatikati mwa bondo, kuseri kwa mafupa, ndipo mafunde a sikani sadutsa fupa. Munthu amene anapotoka phazi litaponda pansi, n'kumva kuti thapu, bondo n'kutupa m'maola ochepa, asakhutire ndi sikani yoti zonse zili bwino. Akabwerera m'bwalo, bondo limapitiriza kugwedera n'kung'ambanso meniscus, kachichereŵechereŵe kokhala pakati pa mafupa.

Apa mpamene MRI, makina ojambula m'thupi pogwiritsa ntchito maginito, imaposa zonse: ACL, PCL (mtsempha wina wa mkatikati mwa bondo) ndi meniscus zimaoneka bwino. Koma kwa wa ku Nsanje, Bangula kapena Ngabu, ndi ulendo wodutsa pa Thabwa kukwera mapiri mpaka ku Blantyre. Powerengera musaiwale thiransipoti ya anthu awiri, pogona, ndi ulendo wachiwiri wokatenga zotsatira.

Ine ndingati yambani ndi manja a dokotala wa mafupa pachipatala cha boma. Apinde bondo madigiri 20 mpaka 30, akokere fupa la m'munsi kutsogolo, njira yoyezera ACL yotchedwa Lachman. Ngati fupalo laima nji ndipo ululu uli m'mbali, sikani ikukwanirani, ndipo MCL nthawi zambiri imapola popanda opaleshoni. Likatsetsereka osagwira, ndalama ya sikani isungeni, pemphani kalata yopitira ku Blantyre.