Kakoleji ka mtauni kamene kakuthandiza mwana wa achemwali anga pa za udokotala wa maganizo

Anthuni amene muli ndi ana a Form 5 ndi Form 6 kuno ku Harare ndati ndikuuzeniko za kakoleji kena kali mtauni cha ku Copacabana uko, pamwamba pa mashopu a mafoni, kamaphunzitsa ana a A Level masana ndi Loweruka komanso kali ndi mayi wina wolangiza ana za ntchito. Dzina sinditchula poti pali zina ndidandaule, ofuna kudziwa mundifunse pambali. Kunena mwachidule ulangizi wawo ndi wabwino zedi, Biology ndi bwinonso, koma labu ya Chemistry ndiye ayi ndithu, ndi yochititsa manyazi.

Amene ndinapita naye ndi mwana wa achemwali anga a ku Mufakose, ine monga malume fizi imagwera ine basi. Mtsikanayu anakakamira kuti akufuna kukhala psychiatrist, dokotala wa matenda a maganizo, chiyambire pomwe msuweni wake anasokonezeka mutu ndi mankhwala ozunguza bongo aja a mutoriro mpaka kukagonekedwa kuchipatala, ndiye kunyumba nkhaniyi inavuta, agogo ake amvekere iwe ana a anzathu akufuna kukhala maloya iwe ukufuna kumakakhala ndi amisala, udzatengera. Ine sindinatsutse koma ndinkaona kuti mwanayu akuganiza kuti ntchitoyi ndi yongokhala pampando wawofuwofu nkumamvera anthu akulira, ngati za mmafilimu.

Ulangizi ndinalipira madola 10, ndipo ndalama imeneyo sindikuidandaula olo pang'ono. Mayi aja sananyengerere. Anatenga pepala nkujambula mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi, nkumuuza kuti mwanawe psychiatrist ndi dokotala kaye, za maganizozo zimabwera kumapeto. Choyamba Chemistry ndi Biology, kuphatikiza Maths kapena Physics, ndipo uzilimbana ndi mapointi 15, kutanthauza A atatu, chifukwa ofuna malo ndi ambiri. Kenako digiri ya udokotala ku University of Zimbabwe, kapena ku NUST ku Bulawayo, kapena ku Midlands State ku Gweru, zaka zosachepera 5. Ukamaliza pali zaka 2 zogwira ntchito mchipatala chachikulu ngati Parirenyatwa kapena ku Gomo kuja pano akuti Sally Mugabe, moyang'aniridwa ndi akuluakulu, kugona mchipatala momwemo usiku ukakhala pa on call, nkulembetsa ku Medical and Dental Practitioners Council. Ukatero mpamene ungapemphe malo a MMed ya psychiatry, digiri ya ukatswiri pa matenda a maganizo, zaka zina 4. Anamupatsa cholembera kuti awerengetsere yekha, inatuluka 11, ndipo anati imeneyo ndi ya munthu amene sanalephereko chaka olo chimodzi komanso sanadikire malo.

Ndinamuyang'ana mwana uja, anali atangoti kukamwa yasa. Mayi aja anapitiriza kuti udzadula mitembo chaka choyambirira, udzabereketsa azimayi, udzasoka mabala a anthu angozi za makombi, ngati magazi umawaopa unene lero amalume ako asataye ndalama. Apa ndiye ndinawakonda mayiwa eti, chifukwa ena akanangoti zitheka mwanangu limbikira kuti tilembetse msanga.

Chinanso anachita bwino nkumusiyanitsira ntchito zimene ife timangoziphatikiza. Psychologist sadutsa ku udokotala, amawerenga digiri ya psychology nkupitiriza ya clinical, amalembetsa ku Allied Health Practitioners Council, amathandiza ndi kukambirana koma salemba mankhwala. Palinso manesi a matenda a maganizo amene amaphunzitsidwa ku Ingutsheni ku Bulawayo, chipatala chakalekale chija chinatsegulidwa mu 1908, ndipo anati mmawodi amene amakhala ndi odwala usana ndi usiku ndi manesiwa, dokotala amangobwera kudzazungulira. Psychiatrist ndi amene amayeza ngati vuto lili mthupi kapena ayi, poti chithokomiro, HIV, khunyu ngakhale mowa zimatha kusokoneza munthu mutu, ndiye nchifukwa chake sangadumphe udokotala wathupi.

Anamuuzanso za Dixon Chibanda, psychiatrist wa konkuno amene anayambitsa Friendship Bench ku Mbare mu 2006, patangopita chaka chichitikire Murambatsvina, boma likugwetsa nyumba za anthu mmatauni. Ambiri a ife mabenchi aja timawaona pa makiliniki a khonsolo, agogo atakhala ndi munthu akucheza, osadziwa kuti agogowo anaphunzitsidwa kuthandiza munthu kumasula vuto lake limodzi limodzi, ndipo kafukufuku wake anatuluka mu JAMA, magazini ya madokotala ya ku America, mu 2016. Chibanda yemweyo ankanena kuti ma psychiatrist mdziko muno analipo 12 okha pa anthu pafupifupi 14 miliyoni. Mayi aja anati ndiye ntchito siidzakusowa, chimene chidzakusowe ndi tulo, komanso malipiro a mboma ukuwadziwa, anzako ambiri adzathawira ku UK ndi ku Australia iwe uli pano. Mwana uja anangoti ndamva amayi, koma ndikufunabe. Chabwino.

Tsopano zodandaula. Labu yawo ndi kachipinda kamodzi kopanda ndi sinki yomwe, madzi amatunga mchigubu. Ma burette, machubu agalasi a kampopi odonthetsera makemikolo moyeza, alipo awiri ndipo imodzi imadontha pa kampopi, ana khumi ndi angapo amachita kulandizana, ena amangoonerera titration, kuyeza kodonthetsa kuja, anzawo akuchita mpaka nthawi kutha. Mwana wofuna A mu Chemistry sangakonzekere practical poonerera, dzanja liyenera kuzolowera lokha kutseka kampopi kaja mtundu ukangosintha. Magetsi akazima jenereta palibe, ndipo chipindacho zenera lake ndi limodzi loyang'ana kukhoma la nyumba ina. Aphunzitsi a Chemistry amadziwa zinthu ndithu koma amaphunzitsanso kwina, ndiye amafika mochedwa nkumathamangitsa silabasi ngati kombi yothawa apolisi. A Biology okha ndiye ndilibe nawo mawu, amachonga ntchito tsiku lomwelo, amagwiritsa mapepala akale a ZIMSEC ndi a Cambridge omwe, ndipo amayankha pa WhatsApp ngakhale Lamlungu.

Fizi ndi madola 30 pa phunziro lililonse pamwezi, amafuna kashi ya US, ukati EcoCash kapena ZiG nkhope zimasintha nkukuwonjezera kenakake pamwamba. Chenji sakhala nacho, amati tidzachotsera mwezi wamawa, ndiye risiti muziisunga ndipo muziwauza alembe pomwepo kuti mwatsala ndi zingati kwa iwo.

China chimene chinandikhumudwitsako, ndipo chikutikhudza ife a kwathu, nchakuti mayi olangiza aja nkhani ya mapepala sankaidziwa bwino. Achemwali anga anakhala zaka zambiri ndi chitupa cholembedwa alien ngakhale anabadwira konkuno, bambo athu anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito nthawi ya Federation. Constitution ya 2013 imati wobadwira mZimbabwe Constitution imeneyi isanatuluke, kholo lake lili la dziko la SADC, ndipo ankakhala mdziko muno pomwe inkatuluka, ndi nzika, koma chitupa sichisintha chokha, umayenera kupita ku Registrar kukakonzetsa. Ndinawafunsa kuti kodi mwana ngati uyu pofunsira malo ku yunivesite zimayenda bwanji, anangoti mukafunse komweko. Za ku Malawi ndiye sankadziwa kalikonse, ndinachita kuwauza ndine kuti ku Blantyre kuli Kamuzu University of Health Sciences imene kale inali College of Medicine, imaphunzitsa udokotala ndi psychiatry yomwe, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba. Analemba mkabuku kawo, bola pamenepo, koma ana a Chichewa ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Epworth alipo ambiri, anayenera kuzidziwa kale.

Ndiye ngati mwana wanu akunena za udokotala wa mtundu uliwonse mupite naye ku ulangiziwo asanasankhe makombinesheni a Form 5, osati ali kale pakati ngati mmene tinachitira ife, ndipo mulowe naye limodzi mumve nokha zaka zija. Biology mulembetseni. Chemistry ife tamusiya pomwepo pa theory yokha, practical ndapangana ndi aphunzitsi ena a sukulu ya mishoni amene ali ndi labu yeniyeni, azipita Loweruka mmawa kuyambira mwezi wamawa, madola ena 15 amenewo.