Makina ochotsera sinowo a pathirakitala: nyengo yachiwiri ino, nkhani ndi lamba

Bilu ya kushopu yafika sabata ino, madola 214, ndiye ndati ndilembe mtima usanazizire. Palinso achimwene ena kuno ku South Bend, mzinda wa ku America, amene angogula kumene nyumba ndipo akhala akundifunsa ngati makinawa ndi ogulika. Pafoni ndimangoti "eya" kapena "ayi" malinga ndi mmene ndadzukira tsikulo.

Amene simunawaone, awa ndi makina omangirira kutsogolo kwa kathirakitala kotchetchera kapinga. Ikafika Novembala mumamasula chotchetchera chapansi chija n'kumanga awa. Alibe injini yawoyawo, mphamvu amakoka ku injini ya thirakitala kudzera pa lamba mmodzi wamtali. Anga ndi a mainchi 42. Kutsogolo kuli auger, chitsulo chozungulira chonga sikuluwu, imene imaswa sinowo n'kumusonkhanitsa pakati, kumbuyo kwake kuli fani yomuponyera kunja kudzera pa chumuni.

Zabwino ndinene mwachidule. Sinowo wouma amene amabwera ndi mphepo ya ku Lake Michigan amamuponya kutali bwinobwino. Chogwirira chotembenuzira chumuni sichinaumepo. Timabawuti totetezera auger timathyoka pomwe tikuyenera kuthyoka: tsiku lina inameza nyuzipepala youma gwa ndi ayezi, kabawuti kanaduka, giyabokosi n'kupulumuka. Musadzayerekeze kuikapo bawuti wamba wolimba, mudzalirira giyabokosi. Matcheni a matayala ndi zitsulo zolemeretsa kumbuyo amagulitsa padera, koma popanda zimenezi thirakitala imangopalasa pamodzimodzi.

Tsopano lamba. Pule ya injini inagona chafufumimba pansi pa thirakitala, pomwe ya makinawa inaimirira, choncho lamba amayenera kupindika podutsa pa timapule tiwiri tapakati, kena kokokedwa ndi sipuling'i. Vuto limayambira pakhomo penipeni, pamene galimoto yokankha sinowo mumsewu imasiya mulu wonyowa, wosakanikirana ndi mchere, wolemera ngati nsima ya dzulo. Ndikangolowetsa makina pamenepo, lamba amalira, fungo la labala wopsa limamveka, fani imafooka, chumuni n'kutsekeka. Ndikakweza makina kuti ndibwerere m'mbuyo, lamba uja phwa, wagwa. Ndiye muganize munthu wagona chagada pa ayezi m'mamawa kusanache, magolovesi wavula chifukwa zala sizilowa, uku nthawi ya ntchito ikutha. Chumuni ikatsekeka ndimazimitsa injini n'kutokosa ndi ndodo. Dzanja ayi, ngakhale injini itazima, poti fani yopanikizika imatha kudumpha ikangomasuka ndipo anthu aduka nazo zala.

Ogulitsa poyamba anati ndikuyendetsa mothamanga. Ndinachepetsa liwiro, injini ili pamwamba monga buku likunenera, koma osasintha. Kenako anati ndi sinowo wonyowa, n'kundigulitsa lamba wina wa madola 68. Nayenso anapsa. Mu Januwale anabwera kudzatenga thirakitala, inakhala kwawo pamene sinowo anali kugwa usiku ndi usana, ine ndili ndi fosholo m'manja. Itabwerera, lamba anagwanso pa mulu womwe uja. Bilu yafikayi ndi ya ulendo umenewo: madola 90 onyamulira, 56 a makaniko, 68 a lamba winanso. Akuti lamba ndi chinthu chokutha chokha, walanti, lonjezo lokonza mwaulere lija, sichimukhudza.

Anapeza vuto ndi bambo wachikulire woyandikana nafe, amene anapuma ntchito ya m'fakitale. Sanayambe ndi sipanala. Anatenga malamba akale aja n'kundionetsa kuti onse anaperepeseka mbali imodzi yokha, ina ili bwinobwino. Kenako anagoneka lula yachitsulo pa mapule, ndipo kapule kamodzi kanaoneka kuti kapendekeka. Chitsulo chogwira kapuleko chili ndi mabowo awiri, lililonse la mtundu wake wa thirakitala, ndipo anyamata a kushopu anamanga pa bowo lolakwika. Motero sipuling'i sinali kukoka mokwanira, ndipo lamba amayenda akukhula m'mphepete mwa pule. Katundu akalemera lambayo amaterereka, makina akakwezedwa amakhwepa n'kugwa. Tinasuntha bawuti mmodzi, tinasintha kapule chifukwa beringi yake inali itayamba kukhotchola, madola 31 basi. Chichitireni zimenezo lamba sanagwenso, ndipo mulu wapakhomo uja ndimaudya pang'onopang'ono, theka la m'lifupi mwa makina ulendo uliwonse.

Ntchito yomanga molakwikayo ndinalipira madola 150 tsiku logula. Apa ndi pamene mtima umandiwawa. Makinawo anali 1,600, matcheni ndi zitsulo 230, kuwonjezera 150 ija ndi malamba aja, ndalama zadutsa 2,000 kalekale. Munthu wa galimoto yokankhira amene amathandiza anzathu mumsewu muno amatenga madola 40 akabwera kamodzi. Masiku amene lamba amagwa ndinkawerengera ndalamazi n'kumadziona wopusitsidwa. Koma kuno sinowo amadutsa mainchi 60 pachaka, ndipo wa galimotoyo amafika nthawi yake, osati yanu. Lamulungu lapitali ndinamaliza pakhomo panga ndi pa bambo aja madzi a tiyi asanazizire, ndipo ndinawakondanso makinawa.

Achimwene, ngati kanjira kanu ka galimoto n'kakafupi, gulani makina okankha ndi manja, ndi otchipa ndipo satenga malo m'galaja. Ngati n'kakatali ndipo thirakitala muli nayo kale, awa ndi abwino, koma akamamanga mukhalepo ndi buku lake m'manja, muone bowo lililonse. Ine kushopuko ndawatumizira zithunzi za mabowo aja ndi malamba opsa. Ndawauza kuti za lamba ndilipira, koma 146 yotsalayo ayambe andibwezera 150 yanga. Akuti abwana awo andiimbira.