Miyezi 10 ndikuweta tiana ta tarantula

Ndinagula tiana titatu ta tarantula, akangaude akuluakulu aubweya, tili tating'ono ngati chikhadabo: tiwiri ta mtundu wa Tliltocatl albopilosus, taubweya wopotana tija, ndi kamodzi ka Avicularia, kokonda kukhala m'mwamba. Papita miyezi 10. Tiwiri tikukula bwino, koma ka Avicularia kanafa mwezi wachitatu, ndipo wolakwa ndine.

Ndinamva kuti mtundu umenewu umafuna chinyezi, ndiye ndinkapopera madzi tsiku ndi tsiku m'kachidebe kokhala ndi tizibowo pachivundikiro pokha. Mpweya sunkayenda, dothi linachita chuku, kangaude n'kusiya kuluka. M'mawa wina ndinakapeza kali pansi, katauma. Kachidebe kake kamayenera kubooledwa m'mbali kuti mpweya uzidutsa. Zimandipwetekabe mtima.

Mantha anandichititsa kuumitsa dothi la tiwiri totsalato mopyola muyeso. Posakhalitsa kamodzi kanafota mimba, miyendo n'kupindikira pansi pa thupi. Kangaude amatambasula miyendo ndi mphamvu ya madzi a m'thupi, choncho akachepa miyendo imakhwinyata. Ndinakaika kukamwa pamphepete pa dontho la madzi, ndikusamala kuti mimba isanyowe poti amapumira kunsi kwake. Pofika madzulo kanali katayamba kuyenda. Kuyambira pamenepo chivundikiro cha botolo chokhala ndi madzi sichichoka m'kachidebe, ndipo ndimanyowetsa ngodya imodzi yokha ya dothi.

Chomwe chinandisowetsa tulo kwambiri sanali matenda n'komwe. Kamodzi mwa tiwiri tija kanakana chakudya milungu itatu, mimba ikuda ndi kunyezimira, kenaka ndinakapeza katagona chagada. Kanali kufundula. Mukaona zimenezi musakagwire, musakatembenuze, ndipo kachilombo kamoyo komwe munaikamo kuti kadye kachotseni msanga, chifukwa kangathe kuluma kangaude khungu lidakali lofewa. Ine ndimadikira sabata yathunthu, mano ake, omwe amakhala oyera akangofundula, ade kaye, ndisanaperekenso chakudya. Pofundula ulendo umenewo mwendo umodzi unaduka, koma ulendo wotsatira unaphukanso, wowonda pang'ono poyerekeza ndi inzake.

Kodi ndingagulenso? Albopilosus inde, ndi wopirira ndipo amadya bwino, woyamba kumene angamukwanitse. Avicularia ndidzamuyesanso, koma wokulirapo, ndipo kachidebe ndidzakaboola m'mbali asanafike.