Caffeine, Posungira Mayankho a Database mu Java: Zimene Ndaona ku Limbe

Ndimasamalira pulogalamu ya pa intaneti yolembedwa mu Java, imene sitolo ina yopikulitsa katundu ku Limbe imagwiritsa ntchito. Kumapeto kwa mwezi, amalonda akadzaza pakauntala, pulogalamuyi inkachedwa kwambiri, chifukwa kalaliki aliyense akatsegula tsamba la mitengo, inkapita kukafunsanso database ya PostgreSQL, nkhokwe imene timasungiramo zambiri za katundu, mtengo wa shuga, sopo ndi mafuta ophikira, ngakhale kuti yankho linali lomwe lija.

Ndinasankha Caffeine, library (chigawo cha pulogalamu chokonzeka kale chimene umangolumikiza ku pulogalamu yako) yaulere imene analemba Ben Manes, yotulutsidwa pansi pa laisensi ya Apache 2.0. Ntchito yake ndi kusunga mayankho kwa kanthawi mu memory ya pulogalamu yomweyo, pamalo otchedwa cache, kuti funso likabweranso lisafike ku database. Popeza timagwiritsa ntchito Spring Boot, chida chomangira mapulogalamu a Java, kuilumikiza sikunavute: ndinaika @Cacheable, chizindikiro cholamula kuti yankho lisungidwe, pa method (kachigawo ka pulogalamu) yotenga mitengo, ndinaika malire a zinthu zosungidwa ndi maximumSize, ndipo ndinalamula kudzera mu expireAfterWrite kuti yankho lililonse litayidwe pakatha mphindi 10. Mzere wa pakauntala unayamba kuyenda tsiku lomwelo.

Chimene ndimaiyamikira kwambiri ndi nzeru yake posankha chotaya malo akadzaza. Njira yake, yotchedwa W-TinyLFU, siyang'ana chimene chafunsidwa posachedwa chokha, koma imawerenganso kuti chinthucho chimafunsidwa kangati. Choncho a akaunti akatsegula katundu wambiri wosayenda malonda powerengera sitoko, mtengo wa shuga, umene umafunidwa tsiku lonse, sukankhidwira kunja.

Komabe, pali pofunika kusamala. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yakhala ikusintha pafupipafupi, ndipo mtengo wakale ukatsala mu cache, sitolo imagulitsa moluza kapena kasitomala amalipira zosayenera. N'chifukwa chake ndinaika @CacheEvict, chizindikiro chofufuta mtengo wakale mu cache, paliponse pamene mtengo umasinthidwa, ndipo chiwerengero cha katundu wotsala m'nyumba yosungira sindichisunga mu cache ngakhale pang'ono, pakuti makalaliki awiri angagulitse katoni imodzimodzi.

Magetsi akazima seva n'kuyambiranso, zonse zosungidwa zimafufutika, ndipo mphindi zoyambirira zimakhala zochedwerako. Komanso cache imeneyi ndi ya seva imodzi yokha. Eni sitolo akukamba zowonjezera seva yachiwiri, ndipo ndawauza kale kuti zikatero mitengo tidzaisamutsira ku Redis, posungira papadera pamene maseva angapo angagwiritse ntchito limodzi, kuti maseva onse awiri aziona mtengo umodzi.